Akaunti ya Malemu Ndaziona

Senderani kuno, mafoni muike m'matumba, iyi si nkhani yomvera khutu limodzi. Enanu mumaganiza kuti mizimu imakonda kumanda ndi m'nkhalango zowirira basi, kuti pamalo poti pali magetsi ndi makompyuta siipondapo phazi. Ziyenda nayenso ankaganiza choncho.

Ziyenda ameneyu anali mayi wa mwana mmodzi, wolemba mapulogalamu a kompyuta pa kabungwe kena kakang'ono pa boma la Salima. Kabungweko ntchito yake inali imodzi yokha, kuyang'anira mtsinje wa Linthipe. Amene mumaudziwa mtsinjewu mukudziwa khalidwe lake. Mvula imagwa kumapiri a ku Dedza uko, kuno dzuwa likuswa mtengo, anthu ali m'madimba osadziwa kanthu, kenaka madzi amangotulukira pakhonde ngati ng'ombe zothawa moto. Ndiye kabungweko kanamangirira timakina toyeza madzi pa milatho ya kumtunda. Timakinato timatumiza manambala ku kompyuta yaikulu ya mu ofesi, imene ankaitcha seva, ndipo pulogalamu ya mu sevamo ikaona kuti madzi akukwera moopsa, imatumiza uthenga m'mafoni a anthu a kumunsi kuti thawani.

Kwa Ziyenda iyi sinali ntchito wamba. Mwana wake, kamtsikana kotchedwa Sigele, kankakhala ndi agogo ake kumudzi wa kumunsi kwa mlatho, ndipo dimba la agogowo linali m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Kumene apita agogo, Sigele ali pambuyo ndi kakhasu kake.

Mwini pulogalamu yochenjezayo anali a Ndaziona Nkhoma, bambo wa ku Dowa, wamtali, wouma pakamwa, amene ankamenya kiyibodi ngati yawalakwira. Ndiwo anaphunzitsa Ziyenda ntchito. Sankafuna zodinadina zithunzi ayi. Iwo zawo zinali sikirini yakuda bii, n'kumalembapo malamulo ndi manja. Ukafuna kuona mafayilo, lemba ls. Ukafuna kudziwa amene alowa mu seva, lemba who. Ndipo ukamaliza kulemba khodi, mawu aja amene munthu amalemba kuti makina atsatire, lemba make, makina asonkhanitse mafayilo onse n'kumanga pulogalamu yogwira ntchito. "Khodi ndi zidina," ankatero. "Zidina zosawotcha sumangira nyumba. Make ndiye uvuni wake."

Chaka chimenecho kabungwe kanasintha timakina ta pa milatho, kanaika tatsopano, ndipo pulogalamu yakale sinkatimva chilankhulo. A Ndaziona anatha chilimwe chonse akulemba yatsopano. Ankapita okha ku milatho ndi ndodo yawo yaitali yojambulidwa mizere yofiira, n'kumaiviika m'madzi, kuyerekeza ndi manambala a timakina. Atatsala pang'ono kumaliza, mu Okutobala, anadandaula mutu Lachisanu. Lolemba anthu anali akuimba nyimbo zamaliro ku Dowa.

Maliro ataikidwa, kunabwera mlongo wawo, a Nankhoma, mayi wonenepa wa maso ofiira ndi kulira. Abwana a pa ofesipo, a Likongwe, anali atakonza katoni kuti alongedzemo katundu wa malemu. A Nankhoma anangoyang'ana jekete yabulawuni ili pampando, kapu ili patebulo, nkhwayira zili pansi pa tebulo, n'kupukusa mutu.

"Ayi, bambo, zisiyeni momwemo," anatero. "Sitinamete. Malume athu ali ku Joni, ndipo popanda iwo lumo silingakhudze mutu wa munthu. Kwathu katundu wa malemu sasunthidwa maliro asanametedwe. Mwini wake amakhala asanagone, akadazungulira pa zinthu zake. Chonde musakhudze kanthu."

Onse anamvera, ndipo anamvera ndi mtima wonse. Wosesa ankasesa mozungulira nkhwayira zija. Kapu inachita fumbi palibe woitsuka. Chipinda cham'kati, mmene munali tebulo la malemu ndi seva ija, anthu ankalowamo monyang'ama.

Koma tsiku lina seva inayamba kudandaula kuti yadzaza. A Likongwe, amene za makompyuta ankangodziwa poyatsira, anasuzumira pakhomo n'kuti, "Mayi Ziyenda, tachotsanimoni zinyalala m'menemo, mvula ili pafupi."

Ziyenda anakoka mpando wake n'kukhala pa sevapo, pafupi ndi mpando wa malemu. Atafufuza anapeza kuti foda yodya malo kwambiri inali ya a Ndaziona, yodzaza ndi zoyeserera za zaka ndi zaka. Anakopera foda ya khodi yatsopano ija kupita kwake. Kenaka analemba rm -rf ndi dzina la foda ya malemu. Lamulo limeneli, abale anga, silifunsa kuti kodi watsimikiza, silisunga m'bini kuti mwina udzasintha maganizo. Limangomeza. Atatero anachotsanso akaunti yawo, dzina limene ankalowera nalo mu seva, poti munthu wakufa akaunti aitani?

Zonsezi anachita atapinda chigongono bwinobwino kuti chisakhudze jekete ija. Mwambo ankaulemekeza ndithu. Kungoti m'mutu mwake katundu ndi chinthu chogwirika ndi manja, ndipo fayilo si jekete.

M'mawa mwake analemba make kuti amange pulogalamu yatsopano. Mizere inayamba kutsika pa sikirini, fayilo ndi fayilo, iye akumwa tiyi. Mwadzidzidzi inaima. Makina anayankha m'Chingerezi chawo chouma kuti fayilo yotchedwa mlingo.h siikupezeka. Anaifufuza m'foda imene anakopera, munalibe. Anafufuza seva yonse, mbee. Apa tiyi anazizirira m'kapu. Fayilo imeneyo ndiyo inali ndi masamu onse a ndodo ija, osandutsa manambala a timakina kukhala msinkhu wa madzi. A Ndaziona anali ataisunga pakona ina ya foda yawo, poti inali isanathe.

Anayesa kuilemba yekha mongoyerekeza. Pulogalamu inamangika, koma poiyesa inati Linthipe wasefukira, pamene ana ankawoloka mtsinjewo madzi ali m'akakolo. Atasintha manambala, inati mtsinje wauma ngakhale aiuze madzi ofika padenga. Ziyenda anachita mantha enieni. Kuyeza mwatsopano kunkafuna miyezi, ndipo mitambo inali itayamba kale kuunjikana chakumadzulo masana alionse.

Zodabwitsa zinayamba pang'onopang'ono, mwakuti poyamba ankazikankhira ku kutopa. Tsiku lina atatsegula ofesi m'mawa, anapeza sikirini ya seva yayaka. Pamalo polembera dzina la wolowa panalembedwa kuti ndaziona, ndipo makina anali atakana. Pansi pake dzina lomwelo, akananso. Pansi pakenso chimodzimodzi, mpaka sikirini yonse kudzaza. Makiyi a ofesi anali ndi anthu awiri okha, iye ndi a Likongwe, ndipo loko anali wokhoma monga anamusiyira. Atagwira kiyibodi kuti afufute, anabweza dzanja msanga. Inali yozizira ngati yachokera mufiriji, mu Novembala, ku Salima, kumene ngakhale madzi a mumtsuko amafunda.

Anafunsa abwana ngati anabwera madzulo. A Likongwe anaseka. "Ine? Makina amenewo ndimawaopa ngati njoka. Mwina ndi mavairasi anu aja."

Masana a tsiku lina, abwana atapita ku msonkhano, Ziyenda ali yekha m'chipinda chakunja, anamva kiyibodi ikulira m'chipinda cham'kati. Sikunali kulira kwa khoswe woyenda pa mabatani. Kunali kumenya kwamphamvu, kwa munthu wodziwa chimene akulemba, kenaka kaphokoso kamodzi kakakulu, kenaka zii, ngati akudikira yankho. Kenaka kuyambiranso. Iye ataimirira, phokoso linaleka. Atakhala pansi, linayambanso. Sanalowemo. Anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu panja mpaka abwana kubwera, n'kunama kuti m'katimo mukutentha.

Ndiye ndodo ija inasowa. Inkakhala kuseri kwa chitseko chiyambire maliro, ndipo palibe anaikhudza. Lachiwiri kunalibe. Lachitatu inali pamalo pake, koma yonyowa mpaka pakati, kunsonga kwake kuli matope akuda a mumtsinje, madzi akudonthera pa simenti. Wosesa ataona anaika tsache pansi, n'kupempha tchuthi kuti akaone odwala kumudzi. Odwalawo sanachire msanga, chifukwa wosesayo sanabwerenso.

Chimene chinamumaliza Ziyenda ndi wakabaza wina amene ankamunyamula nthawi zina popita ku ntchito. M'mawa wina, akupalasa, munthuyo anayamba nkhani.

"Achemwali, abwana anu aja a jekete yabulawuni, akudwala kapena?"

"Ati?"

"Aatali aja. Masiku ano ndikumawapeza pa mlatho kukamacha, atagwira chindodo chawo. Amangokweza mkono, ine n'kuima. Sayankhula, moni sayankha. Ndimawatsitsa pa geti panu pomwepa." Anapalasa pang'ono. "Komatu achemwali, ine ntchito iyi ndayamba kale. Munthu akakwera, njinga imadziwa. Awowo akakwera, tayala silifwenkha n'komwe. Ndimachita kucheuka kuti kodi alipo. Ndipo msana wangawu umazizira mpaka masana."

Ziyenda anamuuza kuti aime. Anatsika n'kuyenda wapansi njira yotsalayo. Sanamuuze wakabazayo chilichonse. Anaona kuti munthu wosauka asamuphere ntchito yake ya m'mawa.

Atafika pa geti sanalowe. Anaimbira foni a Nankhoma ku Dowa, nawafotokozera zonse, za sikirini, za ndodo, za wakabaza. Mayiwo anamvetsera osamudula.

"Mwakhudza chiyani?" anafunsa pomaliza.

"Palibe, mayi. Jekete ili pomwepo, kapu ili pomwepo. Ndinangochotsa mafayilo mu kompyuta, ndi dzina lawo lolowera."

"Mafayilowo anali a yani?"

"Anali awo."

"Anawapanga ndi manja awo?"

"Eya."

Pa foni pankamveka nkhuku za ku Dowa. "Mwana wanga, mwalakwitsa," anatero a Nankhoma, mosakalipa. "Jekete anachita kugula pa kaunjika. Izo mwatayazo ndiye zinali zake zenizeni. Ndiye akubwera kudzakonza, akupeza mwamutsekera. Koma tamverani bwino. Musamutsegulire. Munthu amene sanagone ukamutsegulira khomo n'kumupatsa chochita, sachokanso. Musiyeni agogode, atopa. Malume akubwera mwezi wamawa, timeta, agona."

"Mayi, mvulatu nayo ikubwera."

"Ndamva. Koma musamutsegulire."

Madzulo ake Ziyenda anaimbira amayi ake kumudzi, kuwapempha kuti aleke kaye kupita ku dimba, kapena azimusiya Sigele kunyumba. Amayiwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Tisiye dimba tidye chiyani, mafoni akowo? Nanga mwanayu ndimusiyire ndani, anthu onse ali kumadimba? Iwe usadandaule. Mesa madzi akamabwera foni imalira, ngati chaka chatha? Ine foni ndimaimangirira pachitenje, sindiisiya."

Chapatali Sigele ankakuwa kuti amupatse foni, auze amayi ake kuti wadzala yekha mzere wa nyemba. Ziyenda analephera kuwauza kuti chaka chino foniyo siilira. Woiletsa kulira anali iye mwini.

Anapirira masiku angapo. M'mawa uliwonse dzina lija linkadzaza sikirini, ndipo ndodo inkapezeka yonyowa. Ndiye Lachisanu lina chakumadzulo, a Likongwe ataweruka, kumapiri kunachita mdima wa mvula, mphezi zikung'anima mwakachetechete kutali. Ziyenda anaima pazenera nthawi yaitali. Kenaka analowa m'chipinda cham'kati, nakhala pa seva, nalemba lamulo lotsegulira akaunti yatsopano. Dzina analemba lomwe lija. Anaipangira foda yopanda kanthu, naipatsa chilolezo cholemba mu khodi. Pofika pa pasiwedi anaima, poti ya malemu sankaidziwa, ndipo angawauze bwanji yatsopano? Anangoisiya yopanda pasiwedi, ngati nyumba yosakhoma.

Anaimirira, nayang'ana mpando wa jekete uja. Anadzimva wopusa, komabe analankhula.

"Bambo, ndatsegula. Pepani."

Palibe chinayankha. Koma akukhoma chitseko chakunja, anamva mpando ukukhululuka pa simenti, monga umachitira munthu akamausendeza kufupi ndi tebulo. Sanacheuke. Anafika kunyumba osadziwa kuti wadutsa njira iti.

Loweruka m'mawa anabwerera, ngakhale silinali tsiku la ntchito. M'chipinda cham'kati munkanunkha matope a mumtsinje. Analemba who, makina n'kuonetsa anthu awiri olowa: ziyenda, ndi ndaziona. Analemba ls, ndipo mlingo.h inali pomwepo pakati pa anzake, mwini wake ndaziona. Ataitsegula anapeza masamu onse ali m'malo, olembedwa mwa kalembedwe kawo komwe kaja kopanikiza mizere. Make inali italembedwa kale, pulogalamu itamangika popanda dandaulo ngakhale limodzi, ndipo inali ikuyenda, m'dzina la malemu. Manambala a pa milatho ankalowa bwinobwino. Anaimbira munthu wokhala pafupi ndi mlatho wa kumtunda kuti akaone madzi, ndipo zimene ananena zinafanana ndendende ndi za pa sikirini.

Ziyenda sanali wopusa. Anaganiza kuti, chabwino, ntchito yatheka, tsopano ndikopere zonse kwanga, ndimange m'dzina langa, ndiwatsekere apite. Anakopera, nalemba make, pulogalamu n'kumangika. Koma poiyatsa inkangofa pomwepo osanena chifukwa. Anayerekeza mafayilo ake ndi a malemu, anali ofanana chilembo ndi chilembo. Anayesa pa laputopu yake, chimodzimodzi. Anayesa m'dzina la mkulu wa seva, amene makina samukanira kanthu, inafabe. Khodi yomweyo, makina omwewo, koma inkayenda m'dzina limodzi lokha. Atayesa komaliza anamva kuseri kwa khutu lake kakutsonya kakang'ono, kamene a Ndaziona ankachita akaona wophunzira akubwereza cholakwa. Anachotsa manja pa kiyibodi, nasiya.

Madzi anabwera mu Disembala, masana, kumwamba kuli mbee. Ziyenda anali pa tebulo lake pamene foni yake inalira, ya a Likongwe n'kuliranso. Uthenga unali wa pulogalamu ija: madzi akwera pa mlatho wa kumtunda, chokani m'mphepete mwa mtsinje. Anaimbira amayi ake, foni n'kumangoitana. Anaimbanso, anaimbanso. Pamene amayiwo anayankha, ankapuma mwawefuwefu.

"Tili pa chulu cha kusukulu! Foni italira ndinangomubereka mwanayu, makasu tasiya komweko. Iwe, madzi ake sindinawaonepo. Dimba lonse lapita, pamene tinali paja pakudutsa mitengo yathunthu. Tamulankhula mwana wako, akulirira nyemba zake."

Ziyenda atamva mawu a Sigele anakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana. M'midzi yonse ya kumunsi simunafe munthu. A Likongwe anayenda ofesi yonse akumuyamikira, akuti mayi ameneyu ndi katswiri, wamaliza yekha ntchito ya malemu. Abwana atatuluka, anaima pakhomo la chipinda cham'kati n'kunena chapansipansi kuti, "Zikomo, bambo."

Chaka chatsopano chitangolowa, a Nankhoma anatulukira pa ofesi. Anali atamanga mpango kumutu, koma m'mbali munkaoneka kuti mwadutsa lumo. Anali ataonda. Anakana mpando, anakana madzi, napempha kuti alankhule ndi Ziyenda pawiri m'chipinda cham'kati.

"Malume anabwera," anatero. "Tameta. Mowa tinaphika, zonse tinachita mwa dongosolo lake. Koma sanagone."

Ziyenda anayang'ana pansi.

"Amayi athu ndi okalamba, maso anafa kale. Koma akuti akangotseka zikope, amamuona ataima pakhomo, buluku lonyowa mpaka m'mawondo. Amamuuza kuti lowa mwana wanga, upume. Iye amati, amayi, ndatopa, ndatopa kwambiri, koma andipatsa ntchito, palibe wondilandira." A Nankhoma anamuyang'ana m'maso. "Munamutsegulira."

"Ndinatsegula, mayi."

"Ndinakuuzani chiyani?"

"Munandiuza. Koma mwana wanga anali m'dimba tsiku la madzi lija. Akanapanda iwowa, bwenzi pano tikunena zina."

"Ndamva, ndipo ndathokoza Mulungu kuti mwana ali moyo. Ntchito waigwira, yatha. Tsopano tsekani, ndimutenge tizipita."

Ziyenda anakhala pa seva. Analemba lamulo lochotsera akaunti, lomwe lija analemba mu Okutobala mosaganiza kawiri. Ulendo uno makina anakana. Anati munthuyu sangachotsedwe, ali m'kati, akugwira ntchito. Anawamasulira a Nankhoma mawuwo, ndipo mayiwo anagwira pakamwa.

"Ndiye palibe njira?"

"Ilipo. Pali lamulo lina, limatchedwa kill. Limaimitsa ntchito imene munthu akugwira, ndipo ikaima, akaunti imachotseka." Anapumira m'mwamba. "Koma ntchito yake ndi pulogalamu yochenjeza ija. Ndayesa njira zonse kuti iyende m'dzina langa, imakana. Ndikaiimitsa, mafoni saliranso."

Pamene a Nankhoma analankhula, mawu awo anali ofewa, ndipo kufewako ndiko kunapweteka.

"Inenso ndine mayi, ndabereka. Sindingakuuzeni kuti mwana wanu alibe ntchito. Koma uyu ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Wagwira ntchito moyo wake wonse, tchuthi sankachidziwa. Ndiye agwirenso atafa? Mpaka liti? Wamoyo akatopa amagona, akadwala amapempha tchuthi, zikamukwana amasiya ntchito. Uyu angadandaule kwa yani? Anthu amoyo mulipo, ndodo iyo ili apo. Kayezeni nokha madzi anuwo."

"Kuyeza kumafuna chilimwe chathunthu, mayi. Panopa mtsinje wadzaza."

"Tsekani, mwana wanga. Ndakugwirani mwendo."

Ziyenda analemba lamulo lija, ndi nambala ya ntchito ya malemu. Linakhala pa sikirini, kachizindikiro kakuphethira kumapeto kwake, kudikira batani limodzi lokha. M'chipindamo munazizira mpaka tsitsi la pamikono kuima. Ndipo anadziwa, mmene munthu amadziwira kuti wina waima kumbuyo kwake, kuti si awiri okha amene akuyang'ana chala chakecho. Amene anali kumbuyoyo sankaopseza ayi. Ankangodikira, monga amadikirira munthu amene wasenza katundu mtunda wautali ndipo waona poti atule.

Kunja kunali dzuwa, koma chakumapiri kunagunda, kugunda kwakutali kosatha msanga. M'mawa womwewo amayi ake anali atamuuza pa foni kuti madzi aphwera, asiya nthaka yabwino, ndipo iwo ndi Sigele akupita kukadzalanso.

Chala chake chinachoka pa batani lija n'kupita pa lofufutira. Anafufuta lamulolo chilembo chimodzichimodzi mpaka mzere unatsala wopanda kanthu.

"Mvula ikatha, mayi," anatero, osawayang'ana. "Ndikulonjeza. Mvula ikangotha ndidzayeza ndekha, ndidzalemba ina."

"Ndipo ikadzakananso inayo? Chaka chamawa mvula siidzagwa?"

Ziyenda yankho ankalidziwa, ndipo a Nankhoma anaona kuti akulidziwa. Mayiwo sanatukwane, sanatemberere. Analongedza katundu wa mlongo wawo m'katoni mwakachetechete, naisenza. Atafika pakhomo anatembenuka, koma sanayang'ane Ziyenda. Anayang'ana pamalo pena m'mwamba pang'ono, kumbuyo kwake.

"Achimwene, ine ndayesa, mwaona nokha," anatero. Kenaka kwa Ziyenda: "Ine sindikawauza amayi kuti akubwera. Ndipo iyeyu mumuuze nokha, ndi pakamwa panu. Musamusiye akudikira."

Anatuluka, geti n'kulira. Ziyenda anatsala pa mpando, msana wake uli ku chipinda chopanda munthu.

"Bambo Ndaziona," anatero, "mundikhululukire. Simupita."

Kwa kanthawi kunalibe kanthu. Kenaka kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, kunayamba kumveka kulira. Sikunali kulira koopsa kwa m'nthano ayi. Kunali kulira kwa bambo wamkulu amene sanazolowere kulira pamaso pa anthu, kotsekereza, kodukaduka. Ziyenda anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, misozi ikutsika, koma kiyibodi sanaikhudze. Pa sikirini manambala a pa milatho anapitiriza kulowa, olondola bwinobwino.

Yanga yathera pamenepo. Amene mulibe mwana kumunsi kwa mtsinje, muweruzeni ndinu Ziyenda. Ine ndili naye, ndiye ndingokhala chete.